Chipyela: Pamene Panali Moto Pali Guwa

Mlendo wofika pa chilumba cha Likoma amadabwa kuona tchalitchi chachikulu chotere pakati pa midzi ya asodzi. Chimenechi ndi tchalitchi cha Petro Woyera, cha abale athu a mpingo wa Anglican.

Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, pakuti kale anthu oganiziridwa ufiti ankawatentha pamenepo. Amishoni a UMCA atakhazikika pa chilumbachi, anasankha malo omwewo a misozi. Mwala wa maziko unaikidwa m'chaka cha 1903, ndipo mu 1911 nyumbayo inapatulidwa kotheratu. M'zaka zimenezo anthu a pa Likoma, amuna ndi akazi, anaphwanya miyala ndi kuisenza pamutu. Maina a maepiskopi analembedwa m'mabuku. Maina a osenza miyalawo akuwadziwa ndi Mulungu yekha.

Pozungulira tchalitchicho panakula sukulu ndi chipatala, ndipo pamene anthu ankapalambalala ndi mantha panasanduka mtima wa chilumba chonse. Momwemonso zinachitika ku mishoni zathu, monga Nzama mu 1901 ndi Mua mu 1902.

Koma tisanyadire makoma okha. Mpaka lero m'midzi mwathu nkhalamba zikumenyedwa ndi kuphedwa poziganizira ufiti, kawirikawiri ndi anthu obatizidwa amene amagwada ku Misa. Makolo anazimitsa moto wa pa Chipyela ndi kumangapo guwa. Nanga ife adzukulu awo, tidzauyatsanso kuseli kwa tchalitchi kodi?