Portal ndi chipata

Tsiku lina mwana wa mlongo wanga anandifunsa kuti, "Malume, kodi portal imene timaonerapo zotsatira za mayeso ndi yomwe ija ya pa gemu?" Ndinaseka, koma funsolo linali lanzeru.

Ambiri amati portal ndi tsamba lililonse la pa intaneti. Ayi ndithu. Mawuwa amatanthauza khomo kapena chipata, ndipo anachokera ku mawu achilatini akuti porta. Tsamba la kusukulu lija analitcha choncho chifukwa ndi polowera.

Tanthauzoli limaoneka bwino mu gemu ya Portal, imene kampani ya Valve inatulutsa mu 2007. Wosewera amaona zonse ndi maso a Chell, mkazi wotsekeredwa m'zipinda zoyeseramo anthu. Mfuti yake imaboola makomo awiri, labuluu ndi laolenji. Ukalowa pakhomo lina umatulukira linalo, ngakhale likhale kudenga. Uku ukuswa mutu, kompyuta yachipongwe yotchedwa GLaDOS ikukunyengerera ndi keke. Maola ochepa okha gemu yatha, iwe ukusekabe.

Ndiye mwana wa mlongo wanga uja akati walowa pa portal, wanena zoona: wadutsa pachipata.