Zokambirana za malipiro a aphunzitsi a m'mayunivesite a boma: momwe zimayendera

Zokambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito ka aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede za boma zimachitika pakati pa mbali ziwiri: bungwe loimira aphunzitsiwo ndi khonsolo ya yunivesite. Khonsolo ndiyo imalemba ntchito aphunzitsi, osati unduna wa zamaphunziro. Komabe gawo lalikulu la ndalama zowalipira limachokera ku thumba la boma, kudzera mu ndondomeko ya zachuma imene Nyumba ya Malamulo imavomereza chaka ndi chaka. Apa ndi pamene pagona nkhani: amene amasaina mgwirizano si amene amasunga thumba.

Ufulu wokambirana ndi wokhazikika m'malamulo oyendetsera dziko lino. Ndime 31 imapereka ufulu wokhazikitsa kapena kulowa bungwe la apantchito komanso wonyanyala ntchito, ndipo ndime 33 imatchula ufulu wa maphunziro, umene umalola mphunzitsi kufufuza ndi kuphunzitsa popanda kuopsezedwa. Dziko la Malawi lidavomerezanso mapangano awiri a bungwe la International Labour Organisation: wa nambala 98, wokhudza kukambirana ngati gulu, mu 1965, ndi wa nambala 87, wokhudza ufulu wa mabungwe, mu 1999.

Tsatanetsatane wa kayendetsedwe ka zokambirana ali m'lamulo la Labour Relations Act la 1996. Lamuloli limati bungwe likakhala ndi mamembala okwana 20 pa 100 aliwonse ogwira ntchito pamalopo, wolemba ntchito ayenera kukhala nalo pansi. Mbali ziwirizi zikalephera kumvana, nkhani imakasiyidwa m'manja mwa mlembi wamkulu mu unduna wa zantchito, ndipo pamakhala mkhalapakati woyesa kuziyanjanitsa. Pakatha masiku 21 popanda chimvano, mkanganowo umatengedwa kuti wakanika. Ngati mkanganowo uli wa katanthauziridwe ka lamulo kapena ka mgwirizano umene ulipo kale, umapita ku bwalo la Industrial Relations Court. Koma ngati aphunzitsi akufuna chinthu chatsopano, monga kukweza malipiro, ali ndi ufulu wonyanyala ntchito atapereka chidziwitso cha masiku 7. Kusiyanitsa mitundu iwiriyi ndi kofunika, chifukwa nthawi zambiri maloya a mbali zonse amayamba akokerana pa funso lakuti sitalakayo ndi yovomerezeka kapena ayi, nkhani ya malipiro ili chikhalire.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli. Tsopano wolemba ntchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a wantchito amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Mabungwe a apantchito, kuphatikizapo Malawi Congress of Trade Unions, adatsutsa kusinthaku ponena kuti kukufooketsa ufulu wawo.

Mkangano umene anthu ambiri amaukumbukira ndi wa 2011, ndipo sudali wa ndalama. Pa 12 Febuluwale chakacho, mkulu wa apolisi Peter Mukhito adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kuti akafotokoze za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi. Mphunzitsiyu adayerekeza kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja m'dziko muno ndi mavuto amene adautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Bungwe la Chancellor College Academic Staff Union, motsogozedwa ndi Dr Jessie Kabwila-Kapasula, lidaleka kuphunzitsa, n'kupempha kuti mkulu wa apolisiyo apepese komanso kuti aphunzitsi atsimikiziridwe kuti m'makalasi mulibe akazitape. Aphunzitsi a ku Polytechnic adagwirizana nawo. Khonsolo idachotsa ntchito anthu anayi, Chinsinga, Kabwila-Kapasula, Garton Kamchedzera ndi Franz Amin, ndipo nkhani idalowa m'makhoti. Koma mfundo idamasuka pokhapokha Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene adalinso mkulu wa yunivesiteyo, atalamula mu Okutobala kuti anayiwo abwerere pa ntchito. Maphunziro adayambanso mu Novembala. Khonsolo, ngakhale idali bwana pa pepala, sidali ndi mawu omaliza.

Wa 2017 ndiye udali wa ndalama ndithu. Aphunzitsi a ku Chancellor College adanyanyala ntchito kuyambira mu Malichi podandaula kuti anzawo ena a ku College of Medicine, a giredi yofanana ndiponso pansi pa khonsolo imodzi, ankalandira malipiro oposa awo ndi 40 pa 100. Kuti khonsolo ifananitse malipirowo, pankafunika ndalama zimene sizidali mu ndondomeko ya chakacho, choncho zokambirana zidafuna kuti boma lilowererepo, ndipo koleji idakhala yotseka kwa miyezi ingapo.

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Kholo la ku Golomoti kapena ku Mtakataka limene lidagulitsa mpunga ndi mbuzi kuti mwana akafike ku Zomba limangomuona akubwerera ndi chikwama, osadziwa tsiku lotsegulira. Kalendala ya maphunziro ikasokonekera, digiri ya zaka zinayi imatha kutenga zisanu, ndipo osankhidwa kumene amadikira kunyumba kuti malo apezeke. Boma nalo limaluza, poti aphunzitsi a m'sekondale ndi akatswiri ena amene limawayembekezera amachedwa kutuluka.

Maonekedwe a zokambiranazi adasintha pa 4 Meyi 2021 pamene University of Malawi idagawidwa patatu. Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga Kamuzu University of Health Sciences. Bunda College idali itachoka kale n'kulowa mu LUANAR. Pamodzi ndi Mzuzu University komanso MUST ya ku Thyolo, aliyense ali ndi khonsolo yakeyake. Dandaulo la 2017, la kusiyana malipiro pansi pa bwana mmodzi, silingabwerenso momwe lidalili, koma aphunzitsi sadzaleka kusuzumira zimene anzawo a yunivesite ina akulandira, poti onse amatunga pa chitsime chimodzi.

Akuluakulu a m'maunduna a zamaphunziro, zachuma ndi zantchito ayenera kukumbukiranso za nyengo. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, osati pa 1 Julaye monga kale. Mgwirizano wokweza malipiro umene wasainidwa ndondomeko ya zachuma itadutsa kale umadikira kuunikanso kwa pakati pa chaka kapena chaka chotsatira, pokhapokha yunivesiteyo itapeza ndalamazo kuchokera ku fizi, kafukufuku kapena ntchito zina zimene imagwira payokha.