Nebrija ndi Mneni wa Chisipanishi

M'chaka cha 1492, Columbus akuwoloka nyanja ya Atlantic, mphunzitsi wa ku Salamanca, Antonio de Nebrija, anasindikiza galamala yoyamba ya Chisipanishi naipereka kwa Mfumukazi Isabel. Ophunzira ambiri a masiku amenewo ankayesa kuti Chilatini chokha ndicho chinali ndi malamulo. Chinenero cha pamsika ankachiona chosayenera buku.

Umboni wake wina unali mneni. Anaika aneni m'magulu atatu, othera ndi -ar, -er ndi -ir, ndipo wochita amadziwika kumchira kwa liwu: amo, ndimakonda, amas, umakonda. Koma luntha lake linaonekera pa amaré, ndidzakonda. Anazindikira kuti awa ndi mawu awiri omatana, amar ndi he, pakuti amabo wa Chilatini anali atafa kalekale m'kamwa mwa anthu.