Kukopa, Kusamutsa ndi Sync: Mawu Amene Amataitsa Anthu Nyimbo

Amene wasunga nyimbo kwa zaka zambiri mu iPod kapena m'kachipangizo ka MP3 amafika tsiku lofuna kuzibweza pa kompyuta. Mwina batire yayamba kutha msanga, mwina kompyuta imene nyimbozo zinachokera inafa kalekale. Ntchitoyi si yovuta, koma ili ndi mawu atatu ooneka ngati amodzi pomwe zochita zake n'zosiyana kwambiri.

Kukopa ndi kupanga fayilo yachiwiri, yoyamba n'kutsala pomwe inali. Kusamutsa, kumene kompyuta imalemba kuti cut kapena move, kumachotsa fayilo uku n'kukaiika uko. Lachitatu ndi sync, ndipo apa m'pofunika maso. Sync imafananitsa za m'chipangizo ndi za pa kompyuta, koma mawu omaliza ndi a kompyuta. Apple itatulutsa iPod mu 2001, inakonza kuti nyimbo ziziyenda njira imodzi, kuchoka mu pulogalamu ya iTunes ya pa kompyuta kupita mu iPod. Zokhazo zogulidwa ku iTunes Store ndizo zinadzaloledwa kubwerera. Choncho mukalumikiza iPod yodzaza ku kompyuta yatsopano, pulogalamuyo imakufunsani ngati ifufute ndi kuchita sync. Mukavomera, iPod imafanana ndi kompyuta yopanda kanthuyo, basi nyimbo zonse zapita. Ine ndimaona kuti funso lolemera chotere silinayenere kuyankhidwa ndi kudina kamodzi kokha.

Komabe ngati simunavomere, nyimbozo zimakhalabe momwemo. Mu iPod zakale, monga classic ndi nano, mukalola kuti chipangizocho chioneke ngati disiki, n'kuuza kompyuta ionetse mafoda obisika, mupeza foda ya iPod_Control. M'kati mwake muli Music, ndipo mu Music muli timafoda F00, F01, kumangopitirira. Apa ambiri amakhumudwa, chifukwa mafayilo amakhala ndi maina a zilembo zinayi zopanda tanthauzo. Musataye mtima. Dzina la fayilo ndi lina, tag ndi ina. Tag ndi kachigawo ka m'fayilo momwe mwalembedwa mutu wa nyimbo, woimba ndi chimbale, ndipo m'mafayilo a MP3 amaitcha ID3. Mukatsegula mafayilowo mu pulogalamu yoimbira, imawerenga tag, nyimbo iliyonse n'kuonekanso ndi mutu wake weniweni.

Zipangizo zina zilibe mikuluwiko yotere. Zambiri zotsika mtengo zimaoneka pa kompyuta ngati fulashi, njira yotchedwa MSC, ndipo mumangotsegula n'kukopa. Zina zimagwiritsa ntchito MTP, njira imene Microsoft inayambitsa, yomwenso mafoni a Android amagwiritsa ntchito lero. Chipangizo cha MTP sichipatsidwa chilembo ngati E kapena F, n'chifukwa chake mapulogalamu ena sachiona ngakhale chingwe chili bwinobwino.

Palinso bitrate, kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi. MP3, imene akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany anathandiza kwambiri kupanga, imachepetsa fayilo potaya mamvekedwe amene khutu silimva kwenikweni. Zili ngati kukonola chimanga: gaga akachoka sabwereranso pa njere. Kukweza fayilo ya 128 kuti ikhale 320 kumangoinenepetsa, kukoma kwake sikuwonjezeka, ndipo kusintha MP3 kawiri katatu kumaiwononga. Kopani fayilo momwe ilili.

Mukapeza mafayilo othera ndi .m4p, amenewo ali ndi loko wa DRM. Nyimbo zambiri za ku iTunes Store zinali ndi lokoyu mpaka mu 2009, ndipo zimaimba pa makompyuta okhawo ovomerezedwa ndi akaunti imene inagula.

Apple inasiya kupanga iPod mu 2022, ndipo mabatire a zimene zatsala akukalamba. Ngati muli nayo, kopani foda yonse ya Music lero, muisunge pa kompyuta ndi pa fulashi, muyese kuimba nyimbo zingapo, ndipo batani la sync musalikhudze musanatero.