Kulira m'makutu ndi kuwonongeka kobisika kwa khutu

Kulira m'makutu, komwe madokotala amati tinnitus, ndi phokoso lomwe munthu amamva yekha popanda chinthu cholira pafupi. Ambiri amati limamveka ngati nyenje. Pakokha si matenda, koma kawirikawiri ndi chizindikiro choti khutu layamba kuwonongeka mwiniwake asanazindikire.

Chimachitika n'chiyani

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika kotchedwa cochlea. Mmenemo muli timaselo taubweya tomwe timalandira mawu n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera m'mitsempha. Timaseloti tikafa sitimeranso. Akatswiri ambiri amati uthenga ukachepa, ubongo umawonjezera mphamvu pomvetsera, ndipo kulirako kumabadwira pamenepo.

Mu 2009, Sharon Kujawa ndi Charles Liberman a ku Boston anapeza kuti mbewa zomwe zinamvetsedwa phokoso lalikulu zinayambanso kumva timawu tapansi, koma polumikizira mitsempha ndi timaselo panali patawonongekeratu. Mu 2011, Roland Schaette ndi David McAlpine a ku London anayeza anthu olira m'makutu omwe makina anaonetsa kuti amamva bwino, ndipo mitsempha yawo inkatumiza uthenga wofooka. Akatswiri amaganiza kuti n'chifukwa chake munthu wina amamva bwino m'nyumba mwa zii, koma pamsika mawu amamusokonekera.

Zoyambitsa

Phokoso loposa madesibo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga khutu. Pamisika ya Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi oyendetsa zigayo, owotcherera zitsulo ndi oimba zimbale pa zinkhoswe. Chimodzimodzi akalipentala ogwiritsa ntchito makina opalira matabwa ku Namitete. Wachigayo akamaweruka makutu akulira ndiye kuti phokoso lapitirira muyezo, ngakhale kulirako kutaleka mmawa.

Mankhwala ena nawo amakhudza khutu. Kwinini amaliritsa makutu, koma nthawi zambiri zimatha munthu akamaliza mankhwalawo, pomwe jakisoni wa gentamicin ndi streptomycin akhoza kugonthetsa mpaka kalekale. Zoyambitsa zina ndi ukalamba, mafinya osatha m'khutu ndi phula lotseka khutu.

Thandizo

Kulira kukatha masabata angapo, ndi bwino kukaonana ndi achipatala pafupi, monga ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kabudula. Kuyeza kamvedwe ndi makina kumachitika ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe. Kulira kwa khutu limodzi, kogunda motsatira mtima, kapena kobwera ndi chizungulire ndi kugontha kwadzidzidzi, kumafuna dokotala msanga.

Mankhwala othetseratu kulira kokhalitsa kulibe. Zipangizo zothandiza kumva zimachepetsa kulirako mwa anthu ambiri, ndipo wailesi yoyimba pansipansi imathandiza kupeza tulo. Ogwira ntchito paphokoso azivala zotseka m'makutu ndi kutalikira makina akapeza mpata, kuti gawo lomwe likadali bwino lisawonongeke.