Kuchokera pa mkeka wa nthano kufika ku Chilanga

Kale m'midzi ya kwa Mwase, kwa Kaomba ndi kwa Wimbe, mwana wosaona ankafanana ndi anzake dzuwa likalowa. Agogo akati "Padangotelo," ana onse n'kuyankha kuti "Tili tonse," panalibe woona nkhope ya mnzake. Nthano, ndagi ndi nyimbo za pamtondo zinkalowera kukhutu, ndipo kawirikawiri amene ankazisunga bwino anali mwana yemweyo amene masana ankamusiya pakhonde anzake akapita kudambo. Wosamva zake zinali zina. Iye mwayi wake unali pabwalo masana, poona mapazi a mganda ndi chimtali, kapena fumbi la Gule Wamkulu, ng'oma akuimvera m'chifuwa.

Tisakometsere zakale. Ulumali ambiri ankauona ngati tsoka kapena ntchito ya mfiti, ndipo ana ena ankabisidwa m'nyumba alendo akabwera. Koma luso la nthawi imeneyo linalibe khomo lolipira, masitepe kapena pepala. Pepala litafika ndi amishoni, mpata unakula: oona anayamba kuwerenga Buku Lopatulika ndi nyimbo za m'buku, osaona n'kutsala akudikira wowawerengera.

Oyamba kuchitapo kanthu m'chigawo chino anali ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kungodutsa malire kumwera chakumadzulo kwa Kasungu. Kumeneko mu 1905 mayi wina wa mishoni ya Dutch Reformed, Issie Hofmeyr, anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala. Njira yake inali ya Louis Braille wa ku France: timadontho tisanu ndi kamodzi totumphuka papepala lolimba, tosanjidwa mosiyanasiyana kuti tipange chilembo chilichonse. Chinenero cha ku Magwero ndi chathu chomwechi, choncho Chinyanja chinayamba kukhudzidwa ndi chala kutsidya kwa malire chisanatero kuno.

Ku Kasungu zinadzera ku Chilanga. Malowa anayamba ali m'manja mwa mishoni ya Livingstonia, ndipo ndi komwe Kamuzu Banda anaphunzira ali mnyamata asanauyatse ulendo wa kumwera. M'zaka za m'ma 1920 anaperekedwa kwa amishoni a ku Nkhoma, amene m'zaka za m'ma 1950 anatsegulapo sukulu ya ana osaona. Mpaka lero ili pansi pa sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Pamodzi ndi ya ku Lulwe m'boma la Nsanje, ndiyo sukulu imene Amalawi ambiri amaitchula akamakamba za maphunziro a osaona.

Sukulu ya mishoni inali ndi zolinga zake: mwana adziwe Mawu a Mulungu, adziwe ntchito yamanja, asamapemphe. Za luso sizinali patsogolo, koma zinalowera pakhomo la tchalitchi. Mwana amene waloweza nyimbo zonse za m'buku, namadziwa pomwe besi ilowere, ndi woimba kale, kaya aphunzitsi amutcha choncho kaya ayi. Ine ndimati kwaya ndiyo inali siteji yoyamba ya osaona m'dziko muno, ndipo mwina ikadali yotseguka kuposa zina zonse.

Dziko litalandira ufulu, aphunzitsi a ana osaona ndi osamva anayamba kusulidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, komwenso ankasindikiza mabuku a Braille. Mu 1971 kunabwera lamulo limene linakhazikitsa bungwe loona za aulumali la MACOHA, ndipo fakitale yake ya ku Bangwe inaonetsa kuti manja a anthu aulumali amaluka zinthu zogulika. Zaka zomwezo chigwa cha Kasungu chinadzaza ndi maesiteti a fodya, zigafa ndi matenanti ochokera kutali. Ndalama zinayenda, mu 1981 Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama ndi laibulale yake yotchuka. Koma mwana wosaona wa tenanti, ngati sanapeze malo ku Chilanga, luso lake linkathera pa wailesi ya bambo ake.

Wailesi imeneyo tisaipeputse. Ndi pa MBC pamene dziko linamva Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, akuliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Anthu osoka fodya m'zigafa ankamuimba osalabadira zoti munthuyo saona. Ankangomva kuti mawu ake akukamba za umasiye ndi umphawi wawo womwe. Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka, pomwe nyimbo zake zikadaimbidwabe ndi ena mpaka pano.

Malamulo anabwera motsatizana pambuyo pake. Mgwirizano wa mabungwe a aulumali wa FEDOMA unakhazikitsidwa mu 1999, lamulo la anthu aulumali linadutsa mu 2012, ndipo mu 2017 Malawi analowa m'pangano la Marrakesh, limene limalola kusandutsa buku kukhala la Braille kapena lomvetsera popanda kuyamba wapempha chilolezo kwa mwini wake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Chiwerengero chotere si kagulu kongokaima kumbuyo kwa holo.

M'zaka zomwe anthu achialubino ankasakidwa ngati nyama, Kasungu nayenso ataikako ana ake, Lazarus Chigwandali, wachialubino wa ku Dedza, anachoka poimba m'misewu ya Lilongwe n'kutulutsa chimbale mu 2019, filimu ya moyo wake n'kukaonetsedwa ku New York. Chida chake ndi banjo yokhoma yekha, monga ya Namoko.

Chomwe chatsalira kwambiri ndi cha osamva. Pa nkhani za pa kanema pamakhala womasulira m'chinenero chamanja pakona, koma pa sewero la pabwalo la sukulu kapena pa msonkhano wa ndakatulo n'kovuta kumupeza. Oyenda pa njinga ya olumala nawonso amafika pakhomo la holo n'kupeza masitepe, anyamata anayi n'kuwanyamula ngati belo la fodya la ku Chinkhoma. Ndipo mabuku a Braille amene amafika kwa ana ndi a silabasi ndi Baibulo. Nthano zolembedwa, ndakatulo ndi masewero a Chichewa akadali papepala losalala, lomwe chala chimangodutsapo osamva kanthu.