Blantyre: dzina lobwera, maina ena ndi a kuno

Munthu wa ku Ndirande akamakwera minibasi m'mawa sanena kuti akupita ku Blantyre. Amati akulowa m'tauni. Wa ku Bangwe amati akutsikira ku Limbe. Dzina loti Blantyre timalitchula kwambiri tikakhala kutali, kapena pouza achibale a kumudzi komwe tikukhala, ndipo pakamwa pa agogo limatuluka ngati Bulantaya. Limamveka lokha kuti ndi lobwera.

Blantyre woyamba ali ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow. Ndi katauni kakang'ono komwe kunali fakitale yopota thonje. David Livingstone anabadwira kumeneko mu 1813, nayamba ntchito m'fakitaleyo ali ndi zaka 10 zokha. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, mzinda wathuwu usanalotedwe n'komwe.

Imfa yake inautsa mipingo ya kwawo. A Free Church of Scotland ndiwo anayamba kufika, mu 1875, natsegula mishoni ku Cape Maclear n'kuitcha Livingstonia. A Church of Scotland anatuma Henry Henderson kuti akafune malo awoawo. Iyeyu anayenda ndi Tom Bokwito, yemwe anaomboledwa ku ukapolo ali mwana ndipo ankadziwa chinenero ndi anthu a dera lino. Awiriwa anafika m'dziko la mfumu Kapeni, kunsi kwa phiri la Ndirande, ndipo mishoni inayamba mu Okutobala 1876. Popeza dzina la Livingstone linali litapita kale kunyanja, amishoniwa anatenga la tauni yomwe Livingstoneyo anabadwira. Henderson timamukumbukira ndi sukulu ya HHI. Bokwito, amene ankalankhula ndi mafumu, ana asukulu ambiri sanamumvepo, ndipo pamenepa mbiri inakondera.

Chomwe chinakokera amishoniwa pano ndi nyengo. Kuchigwa cha Shire kunali kotentha, malungo ali ponseponse, pomwe pano ndi pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo madzi a Mudi ali pafupi. Mapiri azungulira: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe. Mu Juni ndi Julayi kumagwa kamvula kowaza kosatha, nkhungu n'kuphimba Ndirande yense, ana a ku Zingwangwa n'kumapita kusukulu manja ali m'khwapa, zochapa n'kukhala pachingwe osauma. Nyengo imeneyi timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mphepo yozizirayo imachokera. Kwa mzungu wa ku Scotland kunali ngati kwawo.

Alendo anatcha mishoni yawo, koma eni dziko nawo sanakhale chete. Mpaka lero ambiri amati Kabula akamanena mzindawu. Machinjiri ndi Kapeni ndi maina a mafumu. Lokoma kwambiri ndi la Mandala. Abale awiri, John ndi Frederick Moir, ankayendetsa kampani ya African Lakes yomwe inayamba mu 1878. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pankhope ya munthu n'kugwira nyumba yake, kenako masitolo onse a kampaniyo m'dziko muno, kenako dera lonse. Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo ndi khonde lake lozungulira, ndipo imawerengedwa kuti ndi yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zomwe zatsala m'Malawi.

Mlendo wofuna kuona komwe dzina la Blantyre linatera apite kumishoni. Kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi amisiri a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891, iye asanaphunzirepo za zomangamanga. Njerwa zake anaumba ndi kuotcha pomwepo. Akatero akwere minibasi ya ku Chilomoni, akatsate Njira ya Mtanda pa phiri la Michiru. Pamwambapo amaona mzinda wonse, wophatikizana ndi Limbe kuyambira 1956. Koma ngati ndi mu Julayi asaiwale juzi.